Mahedifoni a agogo: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 6 Seputembala

Ndayamba kulemba chifukwa ndimadzidziwa. Ntchito ya mawaya ndikaigwira osalemba, pakatha milungu iwiri ndimakhala nditaiwala chimene ndinasintha, n'kubwerezanso zolakwa zomwe zija.

Nkhani yake ndi ya agogo aamuna, bambo awo a mayi anga. Ali ndi zaka 86. Anachoka ku Dedza mu 1959, kudzera ku Tete mpaka kuno ku Halale (amatchulabe choncho mpaka lero), n'kugwira ntchito m'fakitale ya fodya mpaka kupuma. Akhala akuimba besi m'kwaya ya mpingo wathu ku Mufakose kuyambira ine ndisanabadwe. Chigwereni m'bafa mwezi wa Meyi, mwendo suwalola kukwera kombi kapena kukhala m'tchalitchi maola atatu, ndiye Lamulungu lililonse amatsala pakhonde.

Mlongo wanga wakhala akuwajambulira kwaya pa foni. Sabata yatha ndinawaika timahedifoni tam'makutu kuti amve bwino. Sanathe ngakhale ndime imodzi. Anatizula n'kundipatsa m'manja.

"Iwe, anthu onsewa alowa bwanji m'mutu mwanga? Apanikizana ngati m'kombi ya madzulo pa Market Square. Nanga tchalitchi chapita kuti?"

Ine ndimakonza mafoni pakatebulo kanga m'tauni, chapafupi ndi Gulf Complex, ndipo funso limeneli landisowetsa mtendere sabata yonse. Ndikufuna kuwapangira mahedifoni oti mawu azimveka ali kunja kwa mutu, motambasuka, ngati munthu wakhaladi m'tchalitchi. Ndalama imene ndaika pambali ndi madola 40. Ikatha, yatha.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Magetsi anathima kuyambira m'mawa, makasitomala kulibe, ndiye ndatha tsiku ndikuwerenga pa foni za momwe khutu limadziwira kumene mawu akuchokera.

Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Munthu akaima kudzanja lako lamanja n'kulankhula, mawuwo amayamba afika khutu lamanja, kenako amazungulira mutu, ulendo wa masentimita ngati 22, n'kukafika lamanzere. Kuchedwako sikukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo umakuwerenga. Mawu okhuthala, a besi ndi ng'oma, amazungulira mutu ngati madzi ozungulira mwala, choncho pa iwowa ubongo umadalira kuchedwa kuja. Mawu opyapyala amatchingidwa ndi mutu, n'kukafika khutu lakutali atafooka, ndipo pamenepo ubongo umayeza kusiyana kwa mphamvu. Malire a ziwirizi ali cha pa 1,500 Hz (Hz ndi muyeso wa mawu: nambala ikamakula, mawu amapyapyala). Wasayansi wina wa ku England, Lord Rayleigh, anazilongosola zimenezi kale mu 1907, agogo a agogo anga akadali moyo.

Pali zina ziwiri zimene sindinkaziganizira. Choyamba ndi khutu lenilenili, lakunjali. Mapindipindi ake si okongoletsa ayi. Amasintha mawu opyapyala molingana ndi kumene achokera, kutsogolo, kumbuyo kapena kumwamba, ndipo aliyense ubongo wake unazolowera makutu ake okha. Chachiwiri ndi nyumba. M'tchalitchi sumangomva pakamwa pa woimba. Umamvanso makoma, simenti ndi malata zikuyankha, ndipo kuyankhako n'kumene kumakuuza kuti woimbayo ali patali bwanji, ndiponso kuti nyumbayo ndi yaikulu bwanji.

Timahedifoni tam'makutu timadumpha zonsezi. Timathira mawu molunjika m'ngalande ya khutu. Makutu onse akalandira mawu ofanana ndendende pa nthawi imodzi, ubongo umasowa koika mawuwo, ndiye umangowakhazika pakati pa mutu. Kombi ya agogo ija ndi imeneyi.

Madzulo magetsi atayaka ndinatsegula mafayilo a mlongo wanga mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta. Mzere umodzi wokha. Wakhala akujambula ngati uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, ndipo mauthenga amenewa ndi a mono, kutanthauza mzere umodzi wa mawu wopita ku makutu onse, osati stereo ya mizere iwiri, wakumanja ndi wakumanzere. Ngakhale nditagula mahedifoni a mtengo wa galimoto, sangatulutse kumanja ndi kumanzere m'chinthu chimene mulibe. Ndiye ntchito yagawika pawiri: chomverera ndi chojambulira. Ndinkaganiza kuti ndi ya sabata imodzi.

Loweruka, 13 Seputembala

Ndalawirira ku Mbare. Nditazungulira m'Magaba mpaka nsapato kufiira, ndapeza mahedifoni aakulu ophimba khutu lonse, othyoka chogwirira cha pamutu, ali pamulu wa mawailesi akufa. Mnyamata wake amati madola 10, tinagwirizana 6. Mita ikuonetsa kuti timasipika tonse ndi tamoyo, ta 32 ohm, mamilimita 40 kukula kwake.

Ndi otseka kumbuyo, ndipo ndimafuna kuwatsegula. Kasipika kamatulutsa mawu mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Kumbuyo kukakhala kotseka, mawu akumbuyowo amagunda pulasitiki n'kubwerera, ndipo umamva ngati waika mutu m'ndowa. Kukatseguka amapita kunja, komanso phokoso la m'nyumba momwe wakhala limakupeza, khutu silidzimva kuti latsekeredwa. A kampani ya Sennheiser ndi amene anayamba kugulitsa otseguka otere mu 1968, otchedwa HD 414. Mu 1989 a kampani ya AKG anapita patali ndi K1000, timasipika tolendewera pambali pa mutu osakhudza khutu n'komwe. Ndipo HD 800 ya mu 2009, imene anthu okonda mawu otambasuka amaitamanda kwambiri, ili ndi timasipika ta mamilimita 56 toikidwa mopendeka, tolozera khutu kuchokera chakutsogolo. Itatuluka, mtengo wake unkadutsa madola 1,000. Nzeru yake koma ndi yaulere: tsegula kumbuyo, talikitsa kasipika, kapendeketse.

Ndachotsa timasipika, ndadula kumbuyo kwa zikho zonse ziwiri ndi kampeni kotenthetsa, n'kusalaza ndi sandipepa. Pophimba mabowowo ndagula timasefa tiwiri ta tiyi, tachitsulo, dola imodzi tonse, ndadula zogwirira n'kumata ndi guluu. Takwanira ngati tinapangidwira zomwezo. Mlongo wanga wayang'ana n'kunena kuti agogo aoneka ngati ntchentche.

Lachitatu, 17 Seputembala

Ndinatsala pang'ono kulemba kuti ntchito yatha.

Lolemba usiku ndinawotcherera mawaya, n'kuvala, n'kuika nyimbo ya gitala ya stereo yabwinobwino. Ha! Mawu anali ponseponse. Kumanja kutali, kumanzere kutali, m'mutu mopanda kanthu. Ndinavina ndekha m'khitchini. Ndinati amene amalipira madola 1,000 aja akungotaya ndalama.

Dzulo ndinaika nkhani za pa wailesi kuti ndimve mawu a munthu mmodzi. Wowerenga nkhaniyo sanali pakati, sanali kumanja, sanali kumanzere. Anali ngati utsi. Nditamvera mphindi zisanu mutu unayamba kulemera, makutu ngati ndikutsika phiri pa basi. Ndinakayikira. Ndinatenga kabatire ka 1.5 V, n'kukhudzitsa mawaya a kasipika kalikonse kamphindi kochepa ndikuyang'ana. Kakumanja kanatukumuka kupita kunja. Kakumanzere kanalowa m'kati. Ndinali nditatembenuza mawaya a mbali imodzi, ndiye kamodzi kakamakankha kanzake kamakoka.

Kutambasuka kuja kunali kwabodza. Ubongo unkalandira zinthu zimene m'chilengedwe sizichitika, n'kulephera kuloza kalikonse, ndipo ine ndinatenga kusokonezekako ngati kukula kwa malo. Ndikuganiza kuti mabatani ena a "3D" a m'mawailesi otchipa amachita zofanana ndi zomwezi, ndipo n'chifukwa chake amasangalatsa mphindi yoyamba yokha.

Ndakonza. Wowerenga nkhani wabwerera pakati. Mawu achepa m'lifupi poyerekeza ndi Lolemba, koma tsopano gitala ali ndi malo ake, ng'oma ili ndi malo ake. Kuyambira lero ndikasintha chilichonse, mayeso oyamba ndi mawu a munthu mmodzi.

Loweruka, 27 Seputembala

Masiku khumi apita pa nkhani ya zotsamira za m'makutu zokha.

Zoyamba zija zinali zachikopa chabodza, zosendeka, ndipo khutu linkagunda kasipika. Azakhali, amene amasoka ku Machipisa, andisokera zatsopano za veleveti wotsala pa diresi ya ukwati, ine ndadula siponji yake. Kutsogolo ndaika yokhuthala masentimita awiri, kumbuyo atatu ndi theka, kuti kasipika kapendekere kutsogolo ndipo mawu azigunda mapindi a khutu asanalowe. Khutu lonse likukhala m'kati osakhudza kanthu.

Mawu atalikira ndithu. Koma besi wathawa. Veleveti amadutsitsa mpweya, kumbuyo n'kotseguka, ndipo mawu okhuthala amafuna mpweya wotsekeredwa pakati pa kasipika ndi khutu. Kwa munthu amene waimba besi moyo wake wonse, mahedifoni opanda besi ndi chipongwe. Ndayesa zambiri zosathandiza zimene sindilemba. Chimene chagwira ntchito ndi kumata nsalu yachikopa m'kati mwa chotsamira, mbali yoyang'ana khutu, veleveti n'kutsala pokhudza khungu pokha, ndiponso kutseka ndi guluu timipata tonse pamene kasipika kakumana ndi chikho. Besi wabwerera, osati yense, koma wokwanira. Kumbuyo kwa kasipika ndaikako kachidutswa ka feliti wa chipewa chakale, chifukwa mawu a "s" ankalasa.

Azakhali akana ndalama. Ati ndikawakonzere foni yawo imene ndakhala ndikuizengereza chiyambire Julayi.

Lachitatu, 1 Okutobala

Zachidule. Agogo ali ndi ma CD akale a makwaya a kumudzi, ndipo ena anajambulidwa moti amayi onse ali khutu limodzi, abambo onse khutu linalo. Pa masipika sizivuta, chifukwa khutu lililonse limamva masipika onse awiri. Pa mahedifoni zimatopetsa. Mankhwala ake ndi crossfeed: kutenga pang'ono mawu a kumanja, makamaka okhuthala, kuwachedwetsa pang'ono n'kuwathira kumanzere, chimodzimodzinso mbali inayo. Benjamin Bauer analemba za njirayi mu 1961, ndipo lero ilipo yaulere, yotchedwa bs2b, imene ndaiika mu foobar2000, pulogalamu yomverera nyimbo, pa laputopu yakale ya mlongo wanga. Ndasiya pa 700 Hz ndi 4.5 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu) monga imabwerera.

Ndinkayembekezera kuti itambasula. Yapanikiza pang'ono. Koma oimba achoka m'makutu n'kusunthira chakutsogolo, ndipo agogo amvera CD yonse osavula. Ndemanga yawo: "Awa ali pakhomo. Sanalowe, sanatuluke."

Lamulungu, 5 Okutobala

Kujambula koyamba. Maganizo ake ndi osavuta: ngati ubongo umafuna zimene mutu ndi makutu zimachita pa mawu, ika timaiko m'makutu mwenimweni mwa munthu amene wakhala m'tchalitchimo. Ndagula timaiko tiwiri ta electret ta mamilimita 6, ndatimata pa timawaya tokoleka kukhutu, ndipo mnzanga wojambula mavidiyo a maukwati wandibwereka makina ojambulira mawu, Zoom H1n, imene imatha kupatsa timaikoti magetsi ake kudzera pa pulagi yomweyo.

Ndinakhala benchi yachinayi, pakati, kutenthaku kwa Okutobala thukuta lili kamukamu. Ndinadziuza kuti ndikhale ngati chitsa.

Kunyumba ndamvera. Tchalitchi chilimo! Mwana akulira kumbuyo chakumanja, chitseko chikulira kumanzere, malata akuthetheka ndi dzuwa kumwamba. Koma ndilimonso ine. Ndikumeza malovu ngati ng'ombe pa dambo. Ndikupuma. Kolala ya shati ikukhula waya. Amayi ena atandipatsa moni ndinacheuka, ndipo kwaya yonse inazungulira ngati ili pa mpando wa ometa. Choipitsitsa, pa nyimbo yachiwiri ndinaiwala n'kuyamba kuimba nawo, ndipo mawu anga si oti munthu awamve ali pafupi chonchi.

Pofunika mutu wosameza, wosacheuka, wosaimba.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mitu yotere ilipo yogulitsa. A kampani ya Neumann amapanga wotchedwa KU 100 kuyambira 1992, ndipo mtengo wake ndi madola masauzande angapo. Wanga ndaugula madola 8 kwa mtsikana amene wamaliza kuphunzira zoluka tsitsi, uja wapulasitiki wophunzirirapo mesh.

Unali waung'ono. Ndinayeza agogo ndi tepi ya azakhali, masentimita 57 kuzungulira, chidolecho 53. Mutu ukachepa, kuchedwa kwa pakati pa makutu kumachepanso, ndipo zonse zimapanikizika. Ndaumeta, ndaukulunga nsalu mpaka muyeso kukwana, ndauveka chipewa chaubweya. Timakutu take tinali tongoyerekeza, ndiye ndatidula. Atsopano ndaumba ndi silikoni wa m'bafa, wonunkha viniga uja, wosakaniza ndi ufa wa cornflour kuti aume msanga ndipo aumbike ngati dongo. M'khutu mwa agogo sindinathiremo kanthu, zimenezo n'zoopsa. Ndinangowakhazika pambali panga madzulo atatu ndikuumba moyang'ana.

Sindinayambe ndayang'anitsitsa khutu la munthu chonchi. La agogo ndi lalitali, lopyapyala m'mphepete ngati tsamba louma, lili ndi kachipsera pamwamba kamene ati kanabwera ndi waya wa belo la fodya. Dzenje lapakati ndi lakuya kuposa langa. Nditaumba khutu lachitatu analitenga, n'kulitembenuza, n'kuligwiritsa pa lawo.

"Wandinamizira. Langa silinatuluke chonchi ngati la mleme."

Linatuluka chonchodi, koma sindinatsutse.

Mapewa nawo amabweza mawu kupita kukhutu, ndiye mutuwo ndaukhazika pa ndowa yovundikira, ndaika pilo, n'kuveka jekete yakale ya agogo. Mlongo wanga atalowa m'chipinda usiku osadziwa anakuwa mpaka aneba kutuluka.

Lamulungu, 19 Okutobala

Safunsa anadya phula. Chinthu chooneka chonchi sungangolowa nacho m'nyumba ya Mulungu, makamaka chitavala jekete ya munthu amene aliyense akudziwa kuti akudwala. Lachisanu ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, n'kuwalongosolera, n'kuwaveka mahedifoni kuti amve zimene ndinajambula pa 5 Okutobala paja. Mwana uja atalira, anacheuka kuyang'ana kumbuyo m'nyumba mwawo momwe. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chabwino mwana wanga, koma ndiyambe ndalengeza ine. Ndipo jeketeyo uvule. Ufuna anthu anene kuti achimwene atisiya ndiye abwera kudzatsanzika?"

Lero analengezadi, m'Chichewa kenako m'Chishona chifukwa cha achinyamata. Mutu ndinauveka chitenje m'malo mwa jekete, ndipo ndinaukhazika pa benchi yachinayi pomwe paja. Ana a Sande sukulu anauzinga asanayambe mapemphero, wina n'kuunong'oneza m'khutu kuti "mhoro sekuru" (moni agogo). Amayi awiri a Chigwirizano anasuntha n'kusiya mpata wa anthu atatu mbali zonse. Koma mayi wina wachikulire, mnzawo wa malemu agogo aakazi, anabwera dala n'kukhala pambali pake, n'kuukonza chitenje paphewa, n'kunena kuti mlendo sakhala yekha.

Ndajambula WAV, 48 kHz, ndazimitsa mbali ya Zoom imene imakweza ndi kutsitsa mawu yokha, n'kusiya mpata wokwanira kuti kuwomba m'manja kusaphulitse mawu. Ola limodzi ndi mphindi 50.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Madzulo a zokhumudwitsa, ngakhale ndaphunzirapo zambiri.

Poyamba agogo anati palibe chasintha, anthu akadali m'mutu. Mtima unagwa. Kenako ndinaona kuti crossfeed ija ndinaisiya yoyaka. Zojambula ndi mutu zili kale ndi kusakanikirana kwake kwachilengedwe, ndiye kuthiranso kwina kumafafaniza zomwe ndavutikira milungu iwiri. Nditazimitsa, nkhope yawo inasintha. Anakhala phee. Kamnyamata kaja katanong'oneza, anakapitikitsa ndi dzanja ngati udzudzu.

Koma kwaya itayamba anakwinya nkhope. "Bwanji akuimbira kumbuyo kwanga?"

Vuto limeneli ndi lodziwika. Mawu ochokera kutsogolo kwenikweni ndi ochokera kumbuyo kwenikweni amafika makutu onse pa nthawi imodzi, ndi mphamvu yofanana. Chowasiyanitsa ndi mapindi a khutu, amene amagwira pa mawu opyapyala kwambiri, komanso kugwedeza mutu pang'onopang'ono kumene timachita osadziwa. Ndi mahedifoni, ukatembenuka dziko lonse limatembenuka nawe. N'chifukwa chake Apple mu 2020 anaika mu AirPods Pro njira yotsatira kayendedwe ka mutu. Pa zojambula zanga za mizere iwirizi zimenezo sizingatheke.

Ndinaganiza zoyesa makutu awo ndi timaliu ta pa laputopu, motsitsa. Lamanja linasiya kumva cha pa 7,000 Hz, lamanzere lisanafike n'komwe pa 5,000. Ine ndimafika 15,000. Ndiye kuti zambiri zimene makutu a silikoni aja akuchita, agogo sakuzimva. Madzulo atatu akuumba aja ndinkadziumbira ndekha. Mayeso angawa si a chipatala, ndipo ndauza amayi kuti tiwatengere kwa oyeza makutu enieni.

Ndinachitanso chopusa china. Poona kuti lamanzere ndi lofooka, ndinalikwezera mphamvu. Nthawi yomweyo anati abusa asamukira pa zenera. Ubongo wawo unazolowera kale khutu lofookalo, unadzikonzera wokha zaka zambiri zapitazo, ndipo ine pofuna kuthandiza ndinapotoza. Ndabwezera pakati. Ndaikanso malire a voliyumu pa laputopu, chifukwa amakonda kukweza. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo makutu otsalawa ndi omwewa.

Ndikulongedza mawaya anandifunsa kuti kodi chidolecho ndinachikhazika pati. Ndinati benchi yachinayi, pakati, pomwe pamamveka bwino kwambiri.

"Pamamveka bwino kwa ndani? Ine pamenepo ndinakhalapo liti? Amenewo ndi malo a alendo."

Ndinangoti kakasi. Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikuvutika kuti kwaya imveke kutsogolo kwawo, pamene munthuyu kwaya sanaimverepo kutsogolo. Amaima m'kati mwake, mzere wakumbuyo, wachiwiri kuchokera kukhoma.

Lamulungu, 2 Novembala

Sindinajambule. Ndatha sabata ndikupanga choimikira, chifukwa oimba amaima ndipo mutu uyenera kukhala pa msinkhu wa agogo, masentimita 168. Wowotcherera wina ku Magaba wandilumikizira paipi pa limu yakale ya galimoto, madola 7. Pansi ndamata mphira wa chubu kuti kuponda kwa mapazi kusakwere m'paipi. Ndalama yonse yafika madola 37.

Oyang'anira kwaya avomera, bola mutuwo usaime pamene ukutchinga wina kuona manja awo.

Lachiwiri, 18 Novembala

Lamulungu mutu unaima pamalo pa agogo. Abambo a besi anaupatsa moni mmodzimmodzi, wina n'kuutsegulira buku la nyimbo pamaso. Ndinkaopa mvula, chifukwa ikagwa pa malata aja palibe chimene chimamveka, koma inadikira mpaka titatuluka.

Mwa zonse zimene ndajambula, izi ndiye zosalongosoka kwambiri. Masopulano akumveka patali chifukwa akuimba atafulatira. Besi wa kumanzere ali pafupi mopitirira, mpaka kumveka akukoka mpweya. Khoma lakumanja likubweza mawu mwaukali. Ndikanakhala kuti ndikugulitsa CD, ndikanataya.

Dzulo madzulo ndinawaveka ali pampando wawo pakhonde. Sindinanene kanthu. Nyimbo yoyamba anangomvera, maso otseka. Itayamba yachiwiri anawongoka msana, anachotsa dzanja pa ndodo, ndipo pamene mabesi amalowa, analowa nawo. Mawu ndi okalamba koma sanaphonye polowera.

Apa ndi pamene timasefa ta tiyi tija tagwira ntchito imene sindinaikonzere. Ukatseka makutu n'kulankhula, mawu ako amagunda m'chigaza ngati uli m'mgolo, ndipo kuimba kumavuta. Ndi otseguka kumbuyowa akudzimva monga amadzimvera nthawi zonse, mawu awo akutuluka pakamwa, kuzungulira, n'kukasakanikirana ndi a anzawo aja. Amayi anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja n'kuima pakhomo mpaka nyimbo kutha.

Za kutsogolo ndi kumbuyo sanadandaulenso. Sindikukhulupirira kuti ndakonza chilichonse pamenepo. Ndikuganiza kuti akudziwa kale pamene aliyense amaima, ndiye ubongo ukungoika anthu m'malo mwawo.

Atavula ananena ziwiri. Choyamba, chogwirira cha pamutu chikupanikiza mikono ya magalasi awo, kuseri kwa khutu kwafiira. Chachiwiri, mnzawo wa ku Ntcheu amene amaima kumanzere kwawo akutsika mawu pa ndime yomaliza iliyonse, wakhala akutero chiyambire kale, ndipo tsopano poti iwo kulibe palibe womugunda ndi chigongono. Andituma kuti ndikamuuze. Ndayankha kuti ine ndi wa mawaya chabe, akamuuze okha pa foni.

Zotsala: kupinda chogwirira kuti chimasuke pang'ono, n'kudula kampata m'siponji modutsa magalasi. Khutu lamanzere la chidole layamba kumatuka kumunsi, lifunika silikoni wina. Zoom ija mwini wake akuifuna kuyambira Disembala chifukwa ndi nyengo ya maukwati, ndiye ndiyenera kupeza njira yolowetsera timaiko tiwiri mu foni mwa stereo, zimene pulagi wamba ya foni siichita. Ndipo agogo afunsa ngati chidolecho chingapitenso ku mapulakatisi a Lachinayi, chifukwa akuti kumeneko n'kumene nyimbo za Khirisimasi zikuphunzitsidwa ndipo safuna kutsalira. Madola atsala atatu.